Adalaivala a mathiraki, kulowa yuniyoni kuli ndi phindu kapena nkungotaya ndalama?

Wa_ku_Bangwe:

Akuluakulu moni nonse. Pali nkhani yomwe yandizunguza mutu nde ndati ndiyiponye pano poti ambiri muno ndinu anthu a pamsewu. Ine ndimayendetsa thiraki ya makontena, kampani yake ili konkuno ku Blantyre, dzina sinditchula mukudziwa kale mmene zimakhalira. Maulendo ambiri ndi a ku Beira kudzera pa Mwanza ndi Tete, mwa apo ndi apo Joni lodi ikapezeka. Pa thiraki yaikulu sindinakhalitse, kale ndinali pa ka 7 tani kogawa katundu mmagolosale a ku Limbe ndi ku Ndirande.

Nde pa yadi pathu pabwera mafomu a yuniyoni. Wabweretsa ndi mdala wina amene timagwira naye, akuyenda nawo mobisa mu chikwama cha zitupa, akuti aliyense asayine ndipo mwezi uliwonse tizipereka kangachepe. Anthu agawikana. Ena akuti tisayine tonse tsiku limodzi kuti abwana asowe woyamba naye, ena akuti amwene usayerekeze, ukangosayina dzina lako lifika mu ofesi dzuwa lisanalowe ndipo uzingoona anzako akunyamuka iwe uli pa benchi kudikira lodi yomwe sibwera, kenako akupatsa thiraki yakutha ija aliyense amaikana.

Mavuto alipo osanama. Alawansi ya pa ulendo ndi yomwe ija ndinaipeza, chonsecho kwacha inagwa kalekale ndipo ku Mozambique chakudya timagula ndi meticais. Ukachedwa pa doko masiku owonjezerawo ndi ako, udya za mthumba mwako. Dizilo akaperewera pang'ono akudula pa salale osakufunsa nkomwe kuti unayenda bwanji, olo unakhala pa mzere pa boda injini ikulira. Tayala likaphulika akuti ndiwe wosasamala. Kontilakiti ndinasayina koma yanga yosunga sanandipatse, ndipo pa payslip pamalembedwa kuti penshoni koma sindinaonepo pepala lililonse lochokera ku kampani ya penshoniyo.

Koma nanga yuniyoni ingathetse zimenezi? Ine ndili ndi ana ndi lendi, komanso mayi kumudzi amayang'ana ine. Ntchito ya thiraki ukaitaya lero pa geti pali anthu ali ndi ma layisensi mmanja kudikira. Nde ndikufunsa amene munalowapo, kapena munaonapo munthu atathandizidwa ndi maso anu osati zongomva, mundiuze chilungamo. Ndisayine kapena ndingokhala chete nkumadya zanga zochepazo?

Tankala_265:

Amwene ine ndikuuzani mosapsatira mawu, ndalama imeneyo muzigulira ana sopo. Ine ndili pa tankala, Beira, Nacala, Dar konseko ndafikako, ndipo za magulu izi ndinazisiya kalekale. Tinali ndi gulu lathu ife, wapampando, mlembi, msungichuma onse analipo, mwezi ukatha aliyense kutumiza yake pa foni, gulu la WhatsApp kumangolira usiku ndi usana. Tsiku lina mnzathu anatsekeredwa ku Mozambique pa nkhani ya ngozi, tinati eya nthawi ija yakwana ndalama yathu igwire ntchito. Msungichuma foni osapezeka. Wapampando akuti dikirani tikhale pansi kaye. Munthu ali mu selo kudziko la eni, Chipwitikizi sadziwa, ife tikudikira anthu akhale pansi. Tinachita kusonkherana zina pa parking pomwepo kuti atuluke.

Chinanso eni mathiraki amadziwana onse. Ukatchuka kuti ndiwe wovuta, uchoke pa kampani iyi upite ina upeza foni yakutsogolera kale, amangoti tikuyimbirani. Nde inu ndinu watsopano pa thiraki yaikulu, mbiri mulibe, mukufuna muyambe ndi mbiri ya sitalaka? Yuniyoni ya dalaivala ndi layisensi yosatha, pasipoti yokhala ndi masamba ndi manambala a mabwana atatu mu foni. Apa pakavuta umadumphira pena. Ine ndi mmene ndakhalira mpaka ndamanga ku Machinjiri, palibe wandipatsa njerwa olo imodzi chifukwa cha kadi ya yuniyoni.

Zoti mutu umodzi susenza denga tinaphunzira ku pulayimale, koma lendi mwezi ukatha imasenzedwa ndi mutu umodzi womwewo kkkk.

Mdala_wa_Zobwe:

Mphwanga wa ku Bangwe, funso lako ndi labwino. Koma ndiyambe ndi a Tankala. Achimwene, chimene munali nacho inu sichinali yuniyoni, chinali chipereganyu cha pa WhatsApp, pepani kunena choncho. Yuniyoni yeniyeni imalembetsedwa kwa Registrar ku unduna wa zantchito, imakhala ndi satifiketi, malamulo ake olembedwa, akaunti ya ku banki mdzina la bungwe osati nambala ya foni ya munthu, ndipo atsogoleri amasankhidwa nkuchotsedwa ndi mamembala. Kuno kwathu alipo mabungwe ngati Transport and General Workers Union, lakale ndithu, lomwe lili pansi pa MCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni mdziko muno, komanso Professional Drivers Union of Malawi ija inamveka kwambiri nthawi ya sitalaka. Nde munthu akabwera ndi fomu funso loyamba ndi lakuti fomuyi ndi ya bungwe liti, satifiketi ili kuti, lisiti ndizilandira kwa ndani. Wachilungamo sakwiya ndi mafunso amenewa.

Tsopano za phindu. Ine ndinayamba kuyenda msewu wa Tete mlatho uli umodzi wokha wa Samora Machel, uwu wa Kassuende kulibe, ndipo nthawi imeneyo dalaivala wa thiraki amalandira chilichonse chimene bwana wafuna, ena salale yawo inali yofanana ndi ya mlonda wa pa geti nkumawauza kuti mudya alawansi. Munthu wonyamula katundu wa mamiliyoni kudutsa naye mayiko atatu. Zoti pakhale malipiro otsikitsitsa apadera a adalaivala a mathiraki akuluakulu odutsa malire, K140,000 ija, sizinabwere chifukwa wina ku Capital Hill anatimvera chisoni ayi. Anthu anaimika mathiraki. Mukukumbuka 2021 mmene zinalili, mathiraki ali ndiii mmaboda ndi mmbali mwa misewu, posakhalitsa ma filling station mizere mpaka kumsewu, boma linachita kukhala pansi ndi adalaivala. Nkhani ya mtengo wa pasipoti ndi ya ndalama zoyezetsera Covid zinali pa tebulo lomwelo. Dziko lathu lilibe doko, mafuta, feteleza, mchere, zambiri zimalowa pa matayala athu, koma mphamvu imeneyo dalaivala mmodzi payekha alibe, ukaimika yako yokha bwana angotumiza wina pa basi akatenge makiyi.

A Tankala, inu salale yanu inakwera nthawi imeneyo kapena ayi? Ngati inakwera ndiye mwadya nawo thukuta la a kadi omwe mukuwanyozawo. Ndipo eni mathiraki mukuti amadziwanawo sikudziwana kwa pa bawo, ali ndi mabungwe awo, Road Transport Operators Association ilipo, ECAM ya olemba anthu ntchito ilipo, amasonkha ndipo amakumana. Iwo gulu akulifuna, koma iwe ndi ine akutiuza kuti gulu ndi la anthu ovuta.

Koma sitalaka imachitika patalipatali. Phindu lomwe ndaliona ndi maso ndi la mu ka ofesi kaja amakuitanira kuti ukayankhe mlandu. Pa kampani ina yomwe ndinagwirako mnyamata wina anabwera kuchokera ku Beira dizilo ataperewera kwambiri, kalata inatuluka tsiku lomwelo, waba mafuta, abwere ku hearing. Mnyamatayo amanjenjemera, anali atakonzeka kale kupepesa pa chinthu chomwe sanachite kuti mwina angomudula salale basi. Shop steward wathu, woimira yuniyoni pa yadi, anali mkulu wina wosalankhulalankhula, analowa naye atanyamula kope la ana asukulu ndi bolopeni. Abwana atatha kuwerenga mlandu iye anangoti, tingaone nawo job card ya thirakiyi ya mwezi wathawu? Anthu kuyang'anana. Anaitana foromani wa ku galaja, job card kubwera, pamenepo palembedwa ndi dzanja la mnyamata yemweyo kuti paipi ya pa thanki ikudontha, pansi pake palibe siginecha ya makaniko aliyense, kutanthauza kuti thiraki inanyamuka osakonzedwa. Kenako anapempha pepala la tracker kuti tione pomwe thiraki inaima nthawi yaitali. Inaima pa Zobwe ndi pa doko basi. Mlandu unathera pomwepo, palibe anakweza mawu. Mnyamata uja akanalowa yekha bwenzi pano akupalasa kabaza.

Ndisakunamize kuti zonse ndi zokoma. Yuniyoni ya adalaivala ndi yovuta kuyendetsa kusiyana ndi ya pa fakitale, chifukwa a pa fakitale amakumana pa geti mmawa uliwonse pamene ife wina ali pa Beitbridge, wina pa Kasumulu, wina wagona pa Inchope, msonkhano ukaitanidwa amabwera anthu ochepa nkusankhana okhaokha. Atsogoleri ena akayamba kuitanidwa ku ma workshop a mmahotela a ku nyanja amaiwala fungo la dizilo. Zimenezo ziliko. Ndipo ngati umapopa mafuta nkumagulitsa mzigubu panjira, kapena wagwidwa ndi matola, usayembekeze kuti kadi ikupulumutsa, apo shop steward angokuthandiza kuti ulandire zako zotsala mwadongosolo.

Ine ndikuti sayina, koma usasayine wekha.

Mai_a_Mapasa:

Pepani abambo ndalowerera nkhani ya adalaivala, ine si dalaivala koma ndine mkazi wa dalaivala nde ikundikhudza ndithu. Bambo a kunyumba anachita ngozi kufupi ndi Changara, thiraki inagwa, mwendo unathyoka pawiri. Chimene chinandiwawa nchakuti galimoto yoyamba kunyamuka ku Blantyre inali yokatenga katundu, za munthu anati tiona mawa. Anzawo a pamsewu ndi amene anawatengera ku chipatala ku Tete nkundiyimbira. Atabwera kuno salale inabwera miyezi yoyambirira kenako ziii. Ndikapita ku kampani mlonda amandiuza kuti abwana ali mu miting'i, ndimakhala pa njerwa panja pa geti mwana kumbuyo mpaka dzuwa kupendeka, nkubwerera ku Chilomoni wapansi poti ya minibasi ndamugulira mwana mandasi.

Kadi ya yuniyoni ndinaipeza mu jekete yawo ndikuchapa, iwo anali ataiwala nkomwe kuti analowa. Ndinaimba nambala inali kuseri kwake. Sindinganene kuti anabwera ndi ndalama, ayi, olo 1 tambala. Koma anabwera bambo wina, anakhala pa mkeka nkuyamba kufunsa mafunso, anatiuza kuti munthu akavulala pa ntchito pali lamulo la Workers' Compensation, bwana amayenera kukanena za ngoziyo ku leba, dokotala nkulemba kuti munthu wavulala motani, chipepeso chimawerengedwa kuchokera pamenepo. Ife zonsezi sitimadziwa, timangoti bwana akatikomera mtima atipatsa kenakake. Anapita nane ku leba, anapita nane ku kampani, ndipo tsiku limenelo geti inatsegulidwa, anatipatsa ndi mipando yomwe.

Zinatenga nthawi yaitali zedi, mmene ndalama imatuluka kwacha inali itagwa kale ndi 44% ija ya November 2023 nde sinagule zomwe timayembekeza. Koma inatuluka. A Tankala mukuti manambala a mabwana atatu mu foni, zoona, koma bwana amayankha foni ya dalaivala wa miyendo iwiri.

Kwa inu achimwene a ku Bangwe, kaya mulowa kaya simulowa, akazi anu adziwe pomwe pali mapepala. Kontilakiti, ma payslip, kadi, nambala ya penshoni, jambulani pa foni muwatumizire. Inu mumakhala kutali, zinthu zikavuta oyenda mmaofesi ndi ife.

Tankala_265:

Alamu pepani kwambiri, apo sindingatsutse. Bambo akupeza bwanji pano?

Mai_a_Mapasa:

Akuyenda koma kilatchi sangapondenso, pano ali pa kagolosale pakhomo. Zikomo alamu.

Kalaliki_Wakale:

Ine ndinagwirapo mu ofesi ya kampani ya mathiraki, mbali yolemba malipiro ndi makalata, nde ndikuuzani mmene zimaonekera kuchokera mkati.

Pa nkhani yolowa lamulo lili mbali yanu. Constitution gawo 31 ndi 32 komanso Labour Relations Act ya 1996 zimapatsa wantchito ufulu wolowa yuniyoni yomwe akufuna, ndipo kumuchotsa ntchito kapena kumuzunza chifukwa cha zimenezo nkuphwanya lamulo. Koma musaganize kuti bwana ndi wopusa kuti alemba mu kalata kuti takuchotsa chifukwa cha yuniyoni. Amadikira. Tsiku lomwe mwachedwa kunyamuka, tsiku lomwe tracker yaonetsa kuti munapatuka kukaona mayi kumudzi, PrDP (chiphaso choyendetsera galimoto zonyamula katundu kapena anthu) yatha osaikonzanso, apo ndi pomwe kalata imatulukira. Komanso makampani ena amapereka kontilakiti ya miyezi yochepa, ikatha amangoti sitikuwonjezerani basi. Nde mantha a anzanu aja si opanda pake.

Chomwe chimasintha zinthu ndi nambala. Lamulo limati yuniyoni ikakhala ndi mamembala 20 pa antchito 100 aliwonse pa kampani, bwana akuyenera kuivomereza nkukhala nayo pansi kukambirana za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito. Pansi pa 20 muli ndi kadi chabe, yokuthandizani pa hearing ndi ku khothi, koma za alawansi ya ku Beira palibe angakumvereni. Mukadutsa pamenepo ndiye mutha kulemba mgwirizano woti masiku odikira pa doko azilipiridwa, alawansi iziunikidwanso kwacha ikagwa, ndi kuti dizilo akaperewera aziyamba afufuza asanadule munthu. Zimenezi a ku likulu la yuniyoni sangakuchitireni pa foni, zimafuna inuyo a pa yadipo. Ndipo musawerenge adalaivala okha, amakaniko, olongedza ndi alonda nawonso ndi antchito a kampaniyo, komanso ndi amene amakhala pa yadi tsiku lililonse inu muli ku Dondo.

Za sitalaka samalani, si zongodzuka nkuimika thiraki pa Zalewa. Mkangano umayenera kukanenedwa kaye ku unduna wa zantchito kuti ayese kukuyanjanitsani, zikakanika mumapereka chidziwitso cha masiku 7. Ndipo chisinthireni lamulo mu 2021, bwana amalipira masiku 3 okha a sitalaka pa chaka, opitirira apo ali ndi ufulu wodula. MCTU inakana kwambiri koma linadutsa. Nde amene akukuuzani kuti tikangolowa mwezi wamawa tiimika zonse, ameneyo muzimuopa kuposa bwana.

Pali zina zomwe ndi zanu kale olo mulibe kadi. Employment Act ya 2000 imati musanachotsedwe pakhale chifukwa chomveka ndipo mupatsidwe mpata wonena mbali yanu, ndipo ndi bwana amene amayenera kuonetsa umboni wa chifukwacho. Mukachotsedwa mopanda chilungamo muli ndi miyezi 3 yokadandaula ku leba, zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, ku Blantyre kuno iliko. Anthu ambiri miyezi itatuyo imawathera pa geti poti abwana anati ubwere Lolemba. Ku khothi kumeneko mkulu wa yuniyoni amaloledwa kukuyimirani, apo ndi pomwe kandalama ka pa mwezi kaja kamabwerera chifukwa loya sangakuyimireni ulere.

Koma za penshoni zija zandidetsa nkhawa kuposa zonse mwalembazi. Lamulo limati bwana aziika 10% ya salale yanu, inu 5%, ndipo ndalamayo izipita ku kampani ya penshoni. Alipo mabwana amadula 5% pa payslip koma osatumiza. Funsani ku ofesi dzina la kampani ya penshoni ndi nambala yanu ya umembala, mupite nokha mukapemphe statement. Mukapeza mulibe kanthu nkhani imeneyo ndi ya Reserve Bank, ndi omwe amayang'anira za penshoni. Izi musadikire za fomu.

Malipiro otsikitsitsa aja salinso pa K140,000, anakwera mu 2024 nthawi yomwe a antchito ena ambiri anachoka pa K50,000 kufika K90,000. Pitani ku leba mukapemphe chikalata chaposachedwa muyerekeze ndi payslip yanu.

Wa_ku_Bangwe:

Zikomo nonse, sindimayembekeza mayankho otere. Madala a ku Zobwe ndamva. Mayi pepani kwambiri, ma payslip ndajambula kale ndatumiza kwa mayi a ana. A Kalaliki ndawerenga pa yadi pathu tonse pamodzi ndi a ku galaja, 20 ija tikhoza kuikwanitsa ngati amakaniko angalowe, vuto ndi lakuti palibe anawafunsapo, ife timangowaona ngati anthu a abwana poti ndi amene amatilembera zoti tawononga thiraki. Funso lina, ndalama ya pa mweziyo ndi bwino azidula pa salale kapena tizipereka tokha? Chifukwa akamadula pa salale ndiye kuti ofesi ili ndi mayina athu tonse eti.

Kalaliki_Wakale:

Poyamba perekani nokha ndipo muzilandira lisiti ya bungwe yokhala ndi chidindo. Zodula pa salale zimafuna kuti musayine chilolezo, nde zimenezo zibwere mukakwana, mayina akalowe onse pakamodzi ndi kalata yochokera ku bungwe, osati mmodzimmodzi. Koma musadzinamize, ofesi ikudziwa kale za mafomuwo. Pa yadi iliyonse pali wina amene amanena zonse kuti azipatsidwa maulendo a Joni.

Tankala_265:

Madala mwandigwira pa salale paja, inakweradi sindikana. Koma ndifunse, onse akulipira malipiro otsikitsitsa aja boma linalemba mu gazette? Ang'onoang'ono aja a mathiraki awiri atatu, mwini wake ndi amalume ako kapena mkulu wa mpingo kwanuko, ukamuuza za 20 pa 100 angokuseka, 20% ya anthu anayi ndi ndani, mwendo wa makaniko? Ndipo adalaivala ambiri amayambira kumeneko. Chinanso ku Joni anthu akamawotcha mathiraki pa msewu wa N3 kuthamangitsa adalaivala akunja, kapena mmene zinalili ku Mozambique zisankho za 2024 zitatha misewu itatsekedwa anthu akugona mmathiraki osadziwa kuti atuluka liti, kadi ya ku Malawi inakathandiza ndani kumeneko? Ine ndikadali pomwe ndinali. Koma za penshonizo a Kalaliki nanenso ndikafunsa, ine ndimangoona akudula.

Mdala_wa_Zobwe:

Pa makampani ang'onoang'ono mukunena zoona achimwene, kumeneko mgwirizano wa pa yadi kulibe, chotsala ndi gazette ndi leba basi, nchifukwa chake nkhondo ya gazette ija inali yofunika, imamugwira ndi wa mathiraki awiri yemwe, olo akhale amalume. Za kunja kadi siiletsa mwala, zoona. Koma zoti thiraki ikawotchedwa, kapena ukakhala milungu pa msewu wotsekedwa, salale ndi alawansi ziziyendabe kapena ayi, zimenezo zimakambidwa kuno ku Blantyre pa pepala, osati pa N3.

Mphwanga, amakanikowo uyambe nawo bwino, usapite ndi fomu tsiku loyamba, yamba wamva kaye zomwe zikuwawawa iwo, upeza ovataimu yawo sinalipiridwe. Ndipo mdala wa mafomuyo umufunse za satifiketi ija pamaso pa anzako.

Wa_ku_Bangwe:

Ndamva madala. Ndikupakira mawa ku Limbe, ndikabwerako ku Beira ndidzakuuzani zomwe mdala uja wayankha. Amene wadutsa pa Mwanza lero, mzere uli bwanji?

Tankala_265:

Wautali amwene, tengani ufa ndi makala.